Tsiku Limene Odwala Analetsedwa Kuyenda

Mu Ufumu wa Tiwonekere chabwino chilichonse chinkayembekezera kamera. Munthu akafuna kupatsa mnzake thumba la chimanga ankayamba waitana wojambula, ndipo wanjalayo ankapirira mpaka batire la kamera litadzaza. Dzikolo linkalamulidwa ndi Mfumu Kadzionetsa Wachiwiri, munthu wachifundo kwabasi, moti chithunzi chake ikupukuta misozi chinapachikidwa m'makalasi onse, pamalo pamene pakanakhala bolodi.

Kuseri kwa chipatala cha Mubweremawa, kumene kamera inali isanafikeko chiyambire, kunkakumana anthu asanu ndi awiri Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse. Onse anali achinyamata, ndipo onse anagwidwa ndi sitiroko pa msinkhu umene anthu amati matendawa safikapo. Mayi Chikopa, amene ankawachititsa mafizo, anazika mphanda pansi pa mtengo wa kesha n'kupingasapo nsungwi ziwiri zoti azigwira pophunziranso kuyenda. Chiswe nacho chinkabwera kumafizoko mosajomba.

Mmodzi wa anthuwo anali Mwandida, telala wa pamsika wa Zakwera, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Matendawo anamupeza m'mawa wina akudula nsalu ya yunifomu. Sizasi inangomupulumuka, pakamwa panapotoka, mbali yonse ya kumanzere inakana kumumvera. Mwamuna wake anapirira miyezi itatu, kenako ananena kuti akukasaka ganyu kunja kwa dziko, ndipo foni yake inaleka kugwira. Pasanathe sabata apongozi ake, a Nankhoma, anabwera kudzatenga Zione, mwana yekhayo wa Mwandida.

"Amake Zione, sindikukulandani mwana ayi," anatero a Nankhoma atamubereka kale mwanayo. "Koma mayi wokhala pamphasa, mwana akathamangira kumoto amugwira ndani? Tsiku limene mudzafike pakhomo panga ndi miyendo yanuyo, mudzamutenga."

Sanali mayi woipa mtima. Ankangokhulupirira zimene waona ndi maso ake, ndipo chimene anaona tsikulo chinali munthu wolephera kudzikokera pakhonde. Panatha chaka ndi miyezi iwiri. Kenako kunabwera uthenga wakuti pakutha kwa mweziwo Zione atumizidwa kwa azakhali ake kumalire a dziko, akayambe sukulu ya mkaka kumeneko. Mwandida anadziwa kuti mwana akapita kumeneko sadzamuonanso mpaka atakula n'kumamutchula kuti "amayi odwala aja". Analira tsiku limodzi lokha, chifukwa masiku otsalawo anali ochepa.

Nyumba ya a Nankhoma inali kuseri kwa Bwalo la M'manja, mtunda wa makilomita atatu kuchokera pachipatala. Mwandida anali atayesapo kilomita imodzi ndi theka, ndipo tsiku limenelo anagona osadya. Lachisanu lotsatira anauza anzake kuti ayenda mtunda wonsewo, zivute zitani.

"Ndiye tiyende tonse," anatero Gerevazio, amene asanadwale ankapalasa kabaza. Mawu ankatuluka mochedwa m'kamwa mwake, koma akatuluka ankaluma. "Tinyamule katoni. Wotimvera chisoni aponyemo kangachepe, tigule zitsulo. Nsungwizi chiswe chatsala pang'ono kumaliza, chiyamba kudya ife."

Onse anagwirizana nazo. Cholakwa chawo chinali chimodzi: anali anthu omvera malamulo. Mu Tiwonekere anthu oposa asanu sankaloledwa kuyenda pamodzi popanda kalata, choncho Mayi Chikopa analembera Nduna ya Chifundo, Olemekezeka a Mimbayatsogola, kupempha chilolezo.

Zimene zinachitika kunyumba yachifumu Mwandida anazimva kwa mayi wina wosesa kumeneko, amene kale ankamusokera madiresi. Akuti kalatayo itawerengedwa pamaso pa nduna zonse, Mfumu inakwiya mpaka chisoti chinapendekeka.

"Chifundo chikukonzedwa m'dziko langa ine osadziwa? Nanga ine ndilipo chifukwa chiyani?"

"Mwini dziko, n'zimene zandiwawa inenso," anayankha a Mimbayatsogola atagwira pamtima, ngakhale dzanjalo linathera pamimba. "Alendo akunja akaona zimenezi adzati mu Tiwonekere odwala amadziyendera okha ngati alibe mfumu."

Nduna ya Zithunzi nayo inaimirira. Inafotokoza kuti wodwala woyenda sachititsa chisoni, pachithunzi amangooneka ngati munthu wamba amene akupita kukagula matemba. Wodwala wothandiza dziko ndi wogona, makamaka wofunda. Nduna zonse zinaomba m'manja. Kenako zinapita kuhotela ya kuphiri masiku atatu kukakambirana mtundu wa matishati, ndipo zinabwerako zitagwirizana kuti akhale oyera monga zinaganizira poyamba.

Lamulo linawerengedwa pamsika wa Zakwera Lolemba m'mawa. Mwandida anali pomwepo, atakhala pabenchi pafupi ndi khonde limene kale pankakhala makina ake. Mnyamata wa chimkuzamawu anakwera pa ngolo n'kulengeza kuti Loweruka kudzakhala Ulendo Waukulu wa Mapazi a Mfumu, wochokera pachipatala kukathera ku Bwalo la M'manja, wothandiza achinyamata ogwidwa ndi sitiroko. Anthu onse athanzi adzayenda. Odwalawo akuletsedwa kuyenda tsiku limenelo, chifukwa Mfumu ndi nduna zake adzawayendera. Adzakwezedwa pa lole, adzafunda mabulangete, ndipo nkhope zawo zidzaonetse chisoni choyenera. Wodwala wopezeka akuyenda adzamangidwa pa mlandu wochititsa manyazi chifundo cha boma.

Mayi wina wa tomato anafunsa anzake mokweza.

"Ndiye chaka chamawa adzakonza phwando lotidyera ife anjala?"

"Limenelo anayamba kalekale, mayi," anayankha wogulitsa makala. "Kungoti sanalengeze."

Anthu anaseka, koma Mwandida sanaseke. Popeza a Nankhoma ankakhala kuseri kwenikweni kwa Bwalo la M'manja, sakanalephera kudzaonerera lole ija. Chaka chathunthu chogwa n'kudzuka pakati pa nsungwi ziwiri chikanathera poti apongozi ake amuone ali kwala pa lole, atafunda bulangete ngati maliro.

Loweruka linafika. Odwala aja anawakweza pa lole dzuwa lisanawawe, n'kuwapatsa mabulangete atsopano okhala ndi nkhope ya Mfumu pakati. Ndodo zawo anawalanda, akuti zikuwononga maonekedwe, ndipo Mayi Chikopa anazitola n'kuzimanga pa njinga yawo ngati nkhuni. Mkulu wina wa ku unduna anakwera kudzawaphunzitsa nkhope yachisoni. Atafika pa Gerevazio anamuyamikira kwambiri chifukwa cha kupotoka kwa mlomo, n'kuuza enawo kuti atengerepo chitsanzo.

A Mimbayatsogola atayandikira lole kuti ajambulidwe akusisita mutu wa wodwala, Mwandida anawagwira mkono ndi dzanja lake lamanja.

"Bwana, pepani. Ndikupempha nditsike ndiyende. Ndakhala ndikuphunzira chaka chonse, ndipo pali mwana wanga amene..."

"Mayi, musadzizunze," anamudula ndunayo maso ali pa kamera. "Boma lakumverani chisoni. Miyendo yanu lero ndi ife. Fundani bwinobwino, phewa likuoneka."

Zolankhula zinatenga maola atatu. Aliyense ankayamba ndi kunena kuti sachulutsa mawu. Pamene Mfumu inkamaliza kufotokoza mmene inalotera ulendowu ili mwana, dzuwa linali litakwera pamutu ndipo odwala anali thukuta kamukamu m'mabulangete muja. Kenako anayala kapeti wofiira pamsewu. Mfumu inaponda masitepe asanu ndi awiri, limodzi pa wodwala aliyense, n'kulowa m'galimoto kupita kukadikira anthu ake ku bwalo. Ojambula onse anaitsatira, popeza kumene kuli Mfumu n'kumene kuli nkhani.

Nduna khumi ndi ziwiri zinatsala ndi msewu. Magalimoto awo anali atatsogola kale ku bwalo kuti asaoneke pazithunzi. Zinanyamuka mwamphamvu ndithu, zitavala nsapato zatsopano zothamangira zimene zinali zisanalawepo fumbi, lole ya odwala ikukwawa pambuyo. Khamu la ana asukulu ndi ogwira ntchito m'boma linawapitirira n'kuzimiririka. Pofika pa chitunda cha Kapumeni, pamene chipatala chinkaonekabe bwinobwino kumbuyo, Nduna ya Masewera inali itakhala pa chulu ikupempha madzi. Nduna ya Misewu inkatukwana maenje a mumsewu n'kumafunsa kuti woyang'anira zimenezi ndani. A Mimbayatsogola anali wefuwefu, tishati itamatirira pathupi, matuza atatuluka kuzidendene zonse.

Anayang'ana kutsogolo, kunalibe kamera. Anayang'ana kumbuyo, kunali lole.

"Odwalawa atenthedwa," anatero atapezako mpweya. "Atsike pang'ono apitidwe mphepo. Ndi nkhanza kusunga anthu m'mabulangete dzuwa lotere."

Anawatsitsa mmodzimmodzi n'kuwakhazika m'mphepete mwa msewu. Kenako nduna zinakankhana kukwera, ina kuponda inzake paphewa. Ndipo poti sikukanakhala bwino kuti anthu aone oyendera odwala ali pagalimoto, zinatola mabulangete aja n'kufunda kumutu komwe. Lole inanyamuka n'kuwasiyira asanu ndi awiri aja utsi.

Mayi Chikopa anafika akukankha njinga, anamasula chingwe n'kuyamba kugawa ndodo. Mwandida analandira yake, anatsamira mbali yamanja monga anaphunzirira, n'kuimirira. Anaponya mwendo wamanzere mozungulira, chala cha nsapato chikukhula pansi, kenako wamanja. Anzake anamutsatira.

Sanapite patali. Pamthunzi wa mtengo wa mango panatuluka Sajeni Ndauzidwa, amene anamuika pamenepo kuti aziona ngati lamulo likutsatidwa.

"Imani pomwepo! Inu si odwala aja?"

"Ndife amene, bwana," anayankha Mwandida.

"Ndipo mukuyenda."

"Tikuyesa."

"Kuyesa kapena kusayesa, ine ndauzidwa kuti wodwala woyenda amangidwe. Nonse mwamangidwa."

Anatulutsa foni n'kuitanitsa galimoto ya polisi. Anamuyankha kuti ina ikuperekeza Mfumu, inayo ilibe mafuta kuyambira mwezi watha. Sajeni anakanda m'mutu pansi pa chipewa. Polisi ya m'deralo inali pafupi ndi Bwalo la M'manja, ndipo womangidwa sasiyidwa pamsewu.

"Tiyeni ku polisi," anatero.

"Tipita bwanji, bwana?" anafunsa Gerevazio.

"Muyenda."

"Tikayenda... simutimanganso kachiwiri?"

Sajeni analingalira nthawi ndithu, chifukwa anali munthu wosafuna kulakwitsa ntchito. "Womangidwa sayenda," anagamula. "Amaperekezedwa. Tiyeni."

Umo ndi mmene Ulendo Waukulu unapezera anthu oyenda. Sajeni anatsogola akuimitsa njinga ndi ngolo kuti akaidi ake adutse, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza kuti asasokoneze ntchito ya boma. Mwandida sankamva zambiri. Ankangoona pansi: mwala uwu, dzenje ilo, mchenga apo. Dzanja lamanzere linali litapindikira pachifuwa, ndipo akatopa linkauma kwambiri ngati likufuna kukwera kukhosi. Ntchafu inkanjenjemera. Mayi Chikopa ankayenda pambali pake akunong'ona kuti, "Chidendene choyamba, Mwandida. Usathamangire. Chidendene choyamba."

Atafika pamsika wa Zakwera, anthu anasiya malonda n'kudzaza m'mbali mwa msewu, kukamwa kuli yasa.

"Aa! Nanga pa lole paja panali ndani?" anafuula mayi wa tomato uja. "Ife talira nawo kuno! Tinati sitiroko ya masiku ano ikunenepetsa. Wina mimba inachita kutulukira kunja kwa bulangete."

"Ine ndinaponyapo phava la nthochi," anatero mayi wina. "Dzanja linatuluka kudzalandira, lili ndi wotchi yagolide. Ndinati koma odwala a boma akusamalidwa."

"Ndiye awa alakwa chiyani, a Sajeni?"

"Kuyenda."

"Timangeni nafenso," anatero wamakala uja, akupukuta manja m'thalauza.

"Inu ndinu athanzi, kuyenda ndi udindo wanu."

Choncho athanziwo anachita udindo wawo. Anafunditsa masaka pa katundu n'kulowa mumsewu pambuyo pa akaidi. Kuyenda pang'onopang'ono chonchija kunawavuta kuposa kuthamanga, ankangopondana zidendene, koma palibe amene anapitirira. Wina anabweretsa madzi m'chigubu. Panalibe nyimbo, panalibe wojambula, ndipo anthu ena achikulire ankaoneka osowa mtendere pochita chabwino popanda wowaona.

Patatsala pang'ono kufika pa mlatho, mwendo wa Mwandida unakodwa mu muzu ndipo anagwa chammbali, fumbi koboo. Sajeni anathamanga n'kuwerama kuti amunyamule.

"Musandigwire!" anakuwa. Mawuwo anatuluka mwaukali moti iye mwini anadabwa. "Pepani, bwana. Mukandinyamula ngakhale sitepe imodzi, zonsezi zapita pachabe."

Sajeni anabwerera m'mbuyo. Khamu lonse linaima. Mwandida anagubuduzikira mbali yamphamvu, anagwada bondo limodzi, anazika ndodo pansi. Koyamba analephera. Kachiwiri anadzuka, chigongono chikutuluka magazi, ndipo anapitiriza osayang'ana munthu.

Anafika ku Bwalo la M'manja dzuwa litapendeka. Mwambo unali utatha kalekale. Anyamata ankasanjikiza mipando n'kugwetsa matenti, pansi pali mabotolo ndi mafupa a nkhuku. Mmodzi wa iwo anawafotokozera kuti zinayenda bwino zedi. Mfumu inakwera yokha pa lole n'kupatsa wodwala aliyense njinga ya olumala ndi dengu la zakudya, ndipo odwalawo analandira osavundukula nkhope chifukwa cha manyazi. Mfumu inalira. Zoti odwala asanu ndi awiri anasanduka khumi ndi awiri, Nduna ya Zithunzi inafotokoza ili m'bulangete momwemo kuti ndi umboni wakuti vutoli likukula ndipo ulendowu uzichitika chaka ndi chaka.

Ku polisi, mkulu wa pamalopo anamvetsera lipoti la Sajeni Ndauzidwa akutokosa m'mano.

"Sajeni, wailesi yalengeza kuti odwala onse anafika masana pa lole ndipo alandira mphatso. Mukufuna kunena kuti wailesi ya Mfumu yanama?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye awa si odwala. Ndi anthu athanzi amene achedwa pa ulendo wa boma. Apite kwawo, ndipo chaka chamawa adzafulumire."

Atatuluka panja, Gerevazio anakhala pa sitepe n'kutambasula mwendo wake wotupa. "Mwamva, anzanga," anatero. "Boma latichiritsa." Anthu a pamsika aja anaseka mpaka ena kugwira m'mimba, ndipo chipewa cha wamakala chinayamba kuzungulira m'khamumo chifukwa cha zitsulo zija. Mwandida sanakhale pansi. Ankadziwa kuti akakhala sadzukanso tsiku limenelo. Anapempha kuti asamuperekeze, n'kukhotera yekha kanjira ka kuseri kwa bwalo.

A Nankhoma anali pakhonde akupinda tizovala n'kumatilongedza m'chikwama. Atamva kugunda kwa ndodo anadzutsa mutu, ndipo kadiresi kamene kanali m'manja mwawo kanagwera pansi.

"Amake Zione?"

"Ndine, amayi. Odi."

"Koma ine ndakuonani masana pa lole! Ndinati uyo wakumapetoyo ndi iyeyo, watupa thupi lonse. Ndinalowa m'nyumba kukalira, ndipo ndinati mwanayu anyamuke mawa lomwe, asadzaone mayi ake ali choncho."

"Amene uja anali a Nduna ya Masewera."

Mayiwo sanamve n'komwe. Ankayang'ana fumbi lofiira limene linafika m'mawondo, nsapato yamanzere yobooka kutsogolo, magazi ouma pachigongono. Anayang'ananso kunjira ngati mwina kwabisala njinga kapena munthu amene wamutula. Kunalibe.

"Kuchokera kuti?"

"Pa Kapumeni. Masitepe a kuchipatala mpaka pachitunda anandiyendera a boma. Ngati mukufuna ndikabwereze, ndibwerera."

A Nankhoma anagwira pakamwa, misozi ikutsika. "Iyayi, mwana wanga. Ndakulakwirani." Anatembenukira kukhomo. "Zione! Tuluka, amako abwera."

Mwanayo anasuzumira kuseri kwa chitseko. Anali atatalika, tsitsi atamumeta, ndipo anayang'ana mlendoyo nthawi yaitali, kuyambira pa ndodo mpaka pa mlomo wopendekeka pang'ono. Mwandida anachita mantha kuposa mmene anachitira atagwa pa mlatho paja. Anayesa kumwetulira, ngakhale ankadziwa kuti kumwetulira kwake kumakwera mbali imodzi.

"Zizi," anaitana, monga ankamuitanira ali khanda.

Mwanayo anatuluka pang'onopang'ono, kenako anathamanga n'kudzamukumbatira m'miyendo mwamphamvu moti ndodo ndiyo inawapulumutsa onse awiri. Atatero anakweza manja m'mwamba.

"Amayi, ndinyamuleni."

Mwandida anayang'ana dzanja lake lopindika, anayang'ana linalo limene linagwira ndodo. Panalibe lachitatu. Zinamupweteka mpaka m'mafupa, ndipo sanabise misozi.

"Kunyamulidwa kwathera a nduna, mwana wanga," anatero. "Gwira chitenje changa apa. Ife tiyenda."